Palibe Chiyani, Alamu?

Dzina lawo lenileni lili pa kakhadi kamene amakoloweka m'khosi polowa pageti, koma ngakhale alonda analeka kukawerenga. Pa ofesi yonse yoona za nyengo amadziwika kuti a Zikuyenda, ndipo dzinali analipala okha ndi pakamwa pawo. Munthu akabwera thukuta lili kamukamu, akudandaula kuti pulogalamu yamumezera ntchito yake yonse, iwo amayamba amuyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kutsitsi, kenako n'kutembenukira ku kompyuta yawo, n'kudinadina, n'kunena mwaulemu wonse kuti, “Koma kwanga zikuyenda.” Akatero mlandu watha. Wodandaulayo amatuluka akudzifunsa ngati wolakwa ndi iyeyo, magetsi, kapena makolo ake.

Chipinda chawo chili kumapeto kwa khonde, kupitirira zimbudzi, kumene wokolopa amafika madzi atada kale. Mulibe windo. Muli makina osungira manambala amene amang'ung'udza tsiku lonse ngati njuchi zotsekeredwa m'chitini, zingwe zopiringizana pansi pa tebulo, ndi mpando umodzi wa alendo umene a Zikuyenda anaunjikapo makiyibodi akufa kuti mlendo asazolowere. Akhala m'menemo kuyambira tsitsi lawo lili lakuda lokhalokha. Mabwana amabwera, amanenepa, amapita, ndipo aliyense watsopano amadabwa kumva kuti kuseri kwa zimbudzi kuli munthu wolembedwa ntchito.

Koma musafulumire kuwamvera chisoni. Bambo ameneyu, amene pamsonkhano wa ofesi amakhala pafupi ndi chitseko, ali ndi udindo wina umene mabwanawo saudziwa. Ndi mmodzi wa osamalira laibulale.

Musaganize za mashelefu ndi mabuku. Akazi awo anaganizapo choncho masiku oyamba, mpaka anawapempha kuti awabwerekereko buku la kasokedwe ka makatani. Laibulale imeneyi ndi mtolo wa timapulogalamu timene tili pa intaneti, taulere, ndipo aliyense akhoza kutitenga, kutigwiritsa ntchito, ngakhale kutisuzumira m'mimba. Ntchito yake ndi kutsegula mafayilo a anthu a sayansi, odzaza manambala a mvula, mphepo ndi kutentha. Manambalawo amasanjidwa ngati mathireyi a mazira: kabowo kalikonse ndi malo amodzi pa mapu, thireyi iliyonse ndi tsiku limodzi, mathireyiwo n'kusanjikizana mpaka kuboola denga. Amene akufuna kudziwa mvula ya dera lake amangouza laibulale, iyo n'kutola mazira oyenera, n'kuphatikiza, n'kugawa, n'kumupatsa avereji. Amaigwiritsa ntchito anthu a m'mayiko amene a Zikuyenda sanapondeko, ndipo gawo lotsegula mafayilo a mvula analilemba iwowo ndi zala zawo. Amalitcha mwana wawo woyamba, ana awo enieni ali pomwepo akumva.

Tsono lamulo la laibulale lili motere. Aliyense akaona cholakwika amakalemba pa tsamba la madandaulo, poyera, dziko lonse likuwerenga. Amene ali ndi luso amatha kutumiza chigamba, kutanthauza mizere ingapo ya pulogalamu yotseka pong'ambikapo. Koma kusokerera chigambacho pa laibulale, kapena kutseka dandaulo kuti latha, amachita okhawo amene ali ndi kiyi. Si kiyi wachitsulo ayi, ndi chilolezo chabe, koma a Zikuyenda amayenda naye ngati akulemera m'thumba. Mkulu wa osamalirawo ndi mayi wina wa kutsidya kwa nyanja zikuluzikulu amene nkhope yake palibe anaionapo, poti pa chithunzi chake anaikapo mphaka wotuwa woyang'ana mwaukali. A Zikuyenda amamutcha a Mphaka. Tsiku limene a Mphakawo anawapatsa kiyi, bamboyu anafika kunyumba atagula nsapato zatsopano, ndipo kuyambira pamenepo akamayankha madandaulo amayamba avala jekete. Mukawachotsera kiyiyo, chotsala ndi bambo wa kuseri kwa zimbudzi basi. Iwo amadziwa zimenezi kuposa aliyense.

Mdani wawo sanachokere kutali. Ndi mng'ono wa akazi awo.

Mlamu ameneyu anakhalapo panyumba pawo ali kusukulu, ndipo anali a Zikuyenda omwewo amene anamuika patsogolo pa laputopu yakale n'kumuphunzitsa kulemba mzere wake woyamba. Nkhani imeneyi amainena paliponse: paukwati, pamaliro, pamzere wa kuchipatala. “Ndinachita kumugwira chala,” amatero. Vuto ndi lakuti chalacho chinakula. Mlamu anapitirira ndi sukulu mpaka kufika polemba kafukufuku wa mvula ndi kusefukira kwa madzi, ali ndi ofesi yake yokhala ndi mawindo awiri, ndipo akamafotokoza zinthu amayamba ndi mawu akuti “kwenikweni,” amene a Zikuyenda amawamva ngati mbama. Pamaso amamutcha alamu. Kumbali amamutcha a Kwenikweni. Nayenso Mlamu salekerera: amauza anzake kuti mwamuna wa mchemwali wake akanakhala dokotala, bwenzi odwala onse akuwabweza ponena kuti iye m'thupi mwake akumva bwino.

Nkhondo inayamba m'mawa wina a Zikuyenda atangovala jekete. Pa tsamba la madandaulo panali dandaulo latsopano, mutu wake wakuti laibulale ikuumitsa chigwa chonyowa. Wolemba anali Mlamu, dzina lake lonse ndi maudindo ake onse. Anafotokoza kuti chigwa chimene amafufuza chinasefukira chaka chathachi, madzi anakokolola milatho ndi mbuzi zomwe, koma laibulale ikuonetsa ngati kumeneko kunangowaza. Anaikapo mapu awiri ndi mawu akuti “kwenikweni” katatu konse.

A Zikuyenda anatsegula fayilo yawo yoyesera, imene akhala akuyesera kuyambira kalekale, naona kuti zonse zili bwino. Analemba yankho lawo lodziwika lija m'Chingerezi chouma ngati chikuni, n'kutseka dandaulo.

Asanamalize kuyasamula, Mlamu anali atalitsegulanso dandaulolo.

Analitseka. Linatseguka. Analitsekanso, n'kuwonjezera kuti wodandaulayo ayambe wawerenga malangizo. Mlamu anayankha kuti malangizowo anawawerenga, ndipo ali ndi zolakwika za masipelo zimene angathe kuzitumiza padera ngati wolembayo ali wokonzeka mumtima. Anthu a m'mayiko akutali, amene sankadziwa kuti awiriwa amadyera mbale za nyumba imodzi, anayamba kuika tizithunzi ta maso ongoyang'ana.

Lamulungu Mlamu anabwera kudzacheza ndi mchemwali wake monga mwa nthawi zonse. Anakhala pa sofa, n'kuvula nsapato, ngati palibe chimene chachitika. A Zikuyenda anatuluka kuchipinda atanyamula laputopu ngati mbale ya chopereka.

“Alamu, mwaswera?”

“Ndaswera, alamu. Kaya inu ndi laibulale yanu yabodza?”

“Wayambatu,” anatero a Zikuyenda, akuyang'ana akazi awo. “Mukumumva mng'ono wanuyu? M'nyumba mwanga muno.”

“Ine ndikusenda mbatata,” anayankha mayiwo ali kukhitchini. “Musandilowetse.”

A Zikuyenda anakhala pansi kuti aphunzitse. Anafotokoza pang'onopang'ono, monga ankachitira kale. Choyezera mvula chikawonongeka, kapena woyeza akapanda kupita, fayilo imalemba nambala yachilendo m'kabowo ka tsikulo, 9999 yokhala ndi kamzere kochotsera kutsogolo. Kale laibulale inkaphatikiza nambala imeneyi ndi zinzake, ndipo mapu ankaonetsa mvula yochepera ziro. “Mvula yobwerera kumwamba, alamu! Anthu ankatiseka. Ndani anakonza? Ine. Nambala imene ija imatanthauza kuti palibe. Palibe ndi ziro. Ndinaikapo ziro, mapu anayera, a Mphaka anandithokoza pamaso pa dziko lonse. Inu nthawi imeneyo mukulira ndi masamu a fomu thuu patebulo ilo.”

“Kwenikweni,” anayamba Mlamu.

“Ehe! Afika a Kwenikweni.”

“Kwenikweni zoyezera za m'chigwa changa zinapita ndi madzi. Tsiku limene mvula inagwa yoopsa ndi tsiku limene choyezera chinakokoloka. Inu mwalembapo ziro. Ng'ombe zikusambira, inu mukuti ziro!”

“Fayilo ikuti palibe.”

“Alamu, mutu wanuwu ndi umene ukuti palibe.”

Kukhitchini mpeni unasiya kulira. A Zikuyenda anaimirira, n'kutseka laputopu mwamphamvu, kenako n'kuitsegulanso kuti aone ngati sinasweke.

“Tamvera iwe,” anatero, ndipo aka kanali koyamba kumutchula iwe chikhalireni ndi digiri. “Gawo lotsegula mafayilo ndi langa. Usalikhudze. Ukafuna kusewera, kasewere kwina.”

Mlamu anavala nsapato zake mosafulumira. “Achemwali, ndapita. Amuna anuwa muziwapatsa madzi ambiri, auma ngati mapu awo.”

Ndipo anakaseweradi kwina. Poti anamuletsa kukhudza pakhomo polowera manambala, anapita kumapeto, pa gawo lowerengera avereji, n'kulemba chigamba chonena kuti pophatikiza, ziro aliyense azidumphidwa. Anayesa pa chigwa chake m'miyezi ya mvula, chigwa chinanyowa bwinobwino monga chinalili. Anatumiza.

A Zikuyenda anachilandira chigambacho ngati mmene munthu amalandirira ntchentche m'kapu. Sanachiwerenge kuti amve chimene chikuchita. Anachiwerenga kuti apeze pochikanira. Anachibweza koyamba chifukwa mzere wina unatalika. Mlamu anaufupikitsa. Anachibweza kachiwiri chifukwa panali mpata woonjezera pambuyo pa kachizindikiro ka koma. Mlamu anauchotsa. Kachitatu anati dzina limene Mlamu anapatsa kachidutswa kena ka pulogalamuyo silikumveka bwino m'khutu. Apa mpamene a Mphaka, amene nthawi yonseyi ankangoyang'ana, anatulutsa zikhadabo. Anasokerera okha chigambacho ndi kiyi wawo, n'kulemba poyera kuti wosamalira amene amatseka madandaulo osawafufuza akuthamangitsa anthu, ndipo osamalira onse akambirana ngati a Zikuyenda akuyenera kukhalabe ndi kiyi, kapena kiyiyo apite kwa wofufuza wakhama amene wathandiza laibulaleyu.

Wofufuza wakhama! A Zikuyenda anawerenga mawuwo mpaka anawaloweza.

Masiku otsatira anali owawa kwa aliyense wokhala nawo pafupi. Kuntchito anasiya kuyankha moni. Mayi wogulitsa nthochi pageti anafunsa alonda ngati bambo aja aferedwa. Kunyumba ankadya supuni ikugunda mbale ngati ikukhoma msomali. Analetsa kuti dzina la Mlamu lisatchulidwe, ndiye akazi awo akafuna kunena za mng'ono wawo ankangoti “uja munamugwira chala uja,” zimene zinkawawa kuposa dzinalo. Jekete analipachika kuseri kwa chitseko. M'mawa uliwonse ankalowa pa laibulale mtima uli m'mwamba, kuti aone ngati batani lobiriwira losokerera zigamba likadalipo. Linalipo. Ankaliyang'ana kwa nthawi, osalidina, ngati munthu woyang'ana ng'ombe imene yagulidwa kale koma mwini wake sanabwere kudzaitenga.

Chipulumutso chinachokera kuchipululu. Bambo wina wofufuza za chilala, wa dziko la mchenga wokhawokha, analemba dandaulo lodzaza zilembo zikuluzikulu. Anati chitengereni laibulale yatsopano, dera lake, kumene mvula imagwa mwa apo ndi apo ngati mlendo wolemekezeka, likuoneka lonyowa kuposa nkhalango. Anafunsa ngati ayambe kuuza anthu akwawo kuti agule mabwato.

A Zikuyenda anamvetsa nthawi yomweyo. Chigamba cha Mlamu chinkadumpha ziro aliyense, ndiye masiku onse a dzuwa lokhalokha, amene woyeza anapita n'kupeza choyezera chili chouma gwa, ankatayidwa. Otsala anali masiku a mvula okha. Anaseka mpaka wokolopa anasuzumira pakhomo. Anavala jekete. Sanayankhe pa tsamba ayi; nkhani yokoma chonchi siyotumiza pa intaneti. Anapempha chilolezo choti akukaonana ndi dokotala wa mano, n'kukwera basi kupita ku ofesi ya mawindo awiri ija.

Zimene zinachitika m'menemo tikuzidziwa chifukwa cha mlembi wa chipinda choyandikana, mayi wa makutu abwino amene akuti sankamvetsera, kungoti khomalo ndi lopyapyala.

“Odi, a wofufuza wakhama!”

“Lowani, alamu. Mano akupweteka? Mukuoneka ngati mukumwetulira.”

“Ndabwera kudzagula bwato. Akuti mukugulitsa kuchipululu.”

Mlamu anali atawerenga kale dandaulolo, ndipo maso ake ankaonetsa kuti waliwerenga kambiri. Koma si munthu wogwa chagada.

“Maziro amene ndinadumphawo ndi anu. Munawathira ndinu m'mafayilo a anthu.”

“Anga ndi ena, a dzuwa ndi ena. Inu mwasesa onse, zinyalala ndi mipando yomwe.”

“Ndikanawasiyanitsa bwanji? Akamafika kwa ine onse avala yunifolomu imodzi! Ndinafuna kukonza pakhomo, munati ndisakhudze mwana wanu woyamba.”

“Chifukwa mwana wanga salakwa. Palibe ndi ziro. Mukapita kusitolo kukagula shuga, wogulitsa n'kukuuzani kuti palibe, mumabwera ndi makilogalamu angati? Yankhani, a digiri.”

“Ziro.”

“Basi! Mlembi, lembani, wavomera!”

“Nanga mukapeza sitoloyo ndi yotseka?”

“Ndimabweranso ndi ziro.”

“Sindikufunsa za thumba lanu, alamu. Ndikufunsa za m'sitolomo. Muli shuga kapena mulibe?”

“Ndingadziwe bwanji, chitseko chili chotseka?”

“Ndiye mukafika kunyumba mumawauza chiyani achemwali?”

“Ndimati palibe.”

“Palibe chiyani? Shuga kapena wogulitsa?”

Mlembi akuti apa anafunitsitsa kumva yankho, moti anatsala pang'ono kukagogoda. Kenako anamva mpando ukukokedwa.

A Zikuyenda anali ataona. Kwa zaka zonsezi mawu amodzi ankawanyenga m'mutu. Palibe mvula, palibe woyeza: pakamwa zimatuluka mofanana, ndipo iwo anazilowetsa m'kabowo kamodzi. Koma bambo ameneyu kuti anene kuti “ndinalakwa,” ndiye kuti lilime lachita kubwerekedwa kwa munthu wina. Anakhosomola, n'kukonza kolala.

“Ndiye kuti inu, alamu, mwatseka masitolo onse a m'tauni. Ngakhale otsegula amene angotha shuga, inu mukuti sitinawaone.”

“Ndipo inu mwalengeza kuti m'sitolo iliyonse yotseka mulibe kanthu.”

“Kulakwa kwanu n'kwatsopano. Kukununkhabe.”

“Kwanu n'kwakale, kwachita kumera ndevu.”

Anakangana choncho kwinaku aliyense akutsegula laputopu yake. Mlamu analoza mpando wa pafupi naye. A Zikuyenda anaunyamula n'kukauika kutsidya kwa tebulo, kuti misana ya malaputopu iyang'anane. Chofunika chinali chodziwikiratu tsopano, ndipo aliyense ankachinena ngati wachitulukira yekha. Pakhomo, nambala yachilendo ija isasandutsidwenso ziro, koma ilowe ndi chizindikiro chakechake chonena kuti apa sizikudziwika. Kumapeto, powerengera avereji, chizindikiro chokhacho ndicho chidumphidwe, ziro weniweni wa tsiku louma awerengedwe monga mwa ulemu wake. Gawo loyamba linali la a Zikuyenda. Lachiwiri linali la Mlamu.

“Musandionere,” anatero a Zikuyenda, akutchinga ndi mkono ngati mwana wa sukulu pamayeso.

“Ndionere chiyani? Mukulemba ndi zala ziwiri ngati nkhuku ikutola chimanga.”

“Zala ziwiri zomwezi zinakuphunzitsa iwe.”

“N'chifukwa chake zinanditengera nthawi kuti ndiphunzirenso bwino.”

Panabukanso mkangano wa mafayilo akale amene anthu anasunga kale ndi maziro abodza m'kati. A Zikuyenda anati asiyidwe choncho, zakale n'zakale. Mlamu anati laibulale izichenjeza aliyense wotsegula fayilo yotero. A Zikuyenda anati chenjezo limaopseza anthu. Mlamu anati likuopseza munthu mmodzi yekha, wa jekete. Chenjezolo linalembedwa, koma a Zikuyenda anaumirira kuti mawu akuti “cholakwika” achotsedwemo, m'malo mwake mulembedwe kuti “kachitidwe kakale.” Mlembi akuti pa mawu awiri amenewa anakangana nthawi yaitali kuposa pa pulogalamu yonse.

Atamaliza, aliyense anatumiza chigamba chake payekha, ndipo aliyense analemba pansi pake kuti ichi ndicho chothetsa vuto, chinacho n'chongokometsera. A Zikuyenda anatuluka osatsanzika. Pakhomo anakumana ndi mlembi ali ndi fayilo m'manja imene anaigwira mozondoka.

Laibulale ili ndi mayeso ake ochitika okha: chigamba chikafika, makina amachiyesa pa mafayilo osiyanasiyana, n'kuyatsa kachizindikiro kobiriwira ngati zili bwino, kofiira ngati zavuta. A Mphaka anawonjezeramo fayilo ya chigwa cha Mlamu ndi fayilo ya bambo wa kuchipululu. Chigamba cha a Zikuyenda pachokha chinafiira, poti kumapeto maziro enieni ankatayidwabe. Cha Mlamu pachokha chinafiiranso, poti pakhomo maziro abodza ankalowabe. Ataziphatikiza, zonse zinabiriwira. Chigwa chinanyowa, chipululu chinauma, ndipo bambo wa mchenga uja anathokoza ndi zilembo zing'onozing'ono.

Chigamulo cha kiyi chinabwera a Zikuyenda ali m'chipinda chawo chopanda windo. Anachiwerenga ataimirira. A Mphaka analemba kuti osamalira agwirizana: a Zikuyenda sawalanda kiyi. Bamboyu anapuma mpweya umene anausunga kuyambira tsiku la wofufuza wakhama lija. Kenako anawerenga mzere wachiwiri. Mlamu nayenso akupatsidwa kiyi. Mzere wachitatu ndi umene unawakhazika pansi. Poona kuti anthu awiriwa aliyense amaona msanga cholakwa cha mnzake, ndipo saona chake, kuyambira tsopano palibe chigamba cha mmodzi chimene chidzasokereredwe pa gawo la mvula popanda chivomerezo cha winayo. A Mphaka anamaliza ponena kuti akusangalala kuona anthu awiri osadziwana, ochokera kosiyana, akugwirira ntchito limodzi mokoma chotere.

Kunyumba anafotokoza nkhaniyi mwachidule. “Kiyi ndasunga.”

“Ndamva,” anayankha akazi awo. “Akuti mwasunga theka.”

“Wakuuzani ndani?”

“Mwini theka linalo.”

Posakhalitsa a Zikuyenda anafuna kukonza kanthu kakang'ono, chilembo chimodzi chosowa m'malangizo, chinthu chimene kale akanachichita akutafuna chingamu. Anatumiza. Batani lija linali litatuwa, ndipo linakana kudinika. Pambali pake panalembedwa kuti likudikira chivomerezo. Linadikira Lachisanu, linadikira Loweruka. Lamulungu mwini chivomerezo anafika, n'kukhala pa sofa pompaja, foni m'manja.

A Zikuyenda anazungulira pabalaza, n'kuwongola kalendala imene inali yowongoka kale.

“Mayi a ana, tawauzani achibale anu kuti pali kanthu kakudikira.”

“Ali pamaso panupo. Pakamwa muli napo.”

A Zikuyenda anatembenukira kwa Mlamu. “Alamu. Chilembo chija.”

“Chiti, alamu?”

“Mukuchidziwa.”

“Oo, chija! Ndikuchifufuzabe. Simunalembe chifukwa chimene mukuchisinthira. Komanso simunanene ngati mwachiyesa.”

“Ndiyese chilembo?”

“Lamulo si langa, ndi la a Mphaka.”

A Zikuyenda anakhala patebulo lodyera, n'kulemba chifukwa chosinthira chilembo, ziganizo zitatu zathunthu, mano ali gwa. Mlamu anawerenga pafoni mosathamanga, akugwedeza mutu ngati mphunzitsi wochonga mayeso a mwana wovuta, kenako anadina. Batani linabiriwira. Bamboyu analidina msanga, lisanasinthe maganizo.

Nthawi yomweyo laputopu inalira. Chinali chigamba chatsopano chochokera kwa Mlamu, chachitali ngati msewu, chofuna kuti mafayilo akuluakulu azitseguka mofulumira. Chinkayambira pakhomo penipeni pa gawo lotsegula mafayilo, ndipo pambali pake panalembedwa kuti chikudikira chivomerezo cha a Zikuyenda.

“Musachedwe nacho, alamu,” anatero Mlamu. “Anthu akuchifuna.”

A Zikuyenda anapinda manja a malaya mpaka m'zigongono, n'kukankhira mbale ndi masupuni kumapeto kwa tebulo.

“Mayi a ana, chakudya changa muchivundikire. Ichi ndichiwerenga chilembo ndi chilembo.”

“Nanga ife tidyera pati?”

“Pa sofa pali malo. Afunseni a theka linalo akusunthireni.”